Tsiku limene nkhani yanga inasanduka zigoli

Mu labu yathu kompyuta imodzi timakhalapo anayi, ndiye ikafika nthawi yako sucheuka. Lachitatu lapitali ndinatayipa nkhani yanga ya mpikisano wa kalabu ya olemba, masamba awiri athunthu, ndi zala ziwiri. Ndinailemba mu Notepad poti Word imachedwa kutseguka pa makina okalambawa. Nditamaliza ndinadina Ctrl+X kuti ndikaimate mu Word, n'kutseka Notepad osasunga. Ndinkadziona wochenjera.

Word isanatseguke, mnzanga anati, "Aise, kamphindi chabe," n'kulanda mausi. Anakopera zigoli za Super League mu Chrome. Ine podina Ctrl+V, zotuluka n'zigoli basi. Mtima unangoti phwii.

Ndinathamangira kwa aphunzitsi. "Word singaifunse Notepad? Zonse zili m'bokosi limodzi!" Iwo anaseka kaye, zomwe zinandiwawa, kenako anafotokoza. Pulogalamu iliyonse ikatsegulidwa imapatsidwa chigawo chakechake mu memory, ndipo Windows salola kuti izisuzumira mwa inzake mwachisawawa. Pakanapanda mpanda umenewu, pulogalamu imodzi ikasokonekera bwenzi ikuwononganso zinzake, ndipo ngakhale kagemu kachabechabe bwenzi kakuwerenga pasiwedi yako. Choncho zikafuna kupatsirana kanthu zimadzera kwa Windows. Njira zake zilipo zingapo, koma yomwe timaiona ife ndi clipboard. Ili ngati lichero loikidwa pakhomo: wina amaikapo, wina n'kudzatengapo. Vuto lake, licheroli limasunga chinthu chimodzi. Zigoli zitafika, nkhani yanga inatayidwa. Ndikanasiya Notepad yotsegula, Ctrl+Z ikanandibwezera zonse.

Anatiuzanso kuti mmodzi mwa amene anayambitsa kudula ndi kumataku ndi Larry Tesler, ali ku Xerox PARC m'ma 1970, ndipo anamwalira mu 2020. Kunena zoona, tsiku limenelo sindinamuthokoze.

Chomwe chinandipweteka kwambiri n'chakuti kuyambira 2018 Windows 10 ili ndi njira yosunga zinthu 25 zomwe wakopera. Umangodina batani la Windows pamodzi ndi V. Koma pamafunika kuiyatsa kaye, ndipo pa kompyuta yathu palibe anaiyatsapo. Pano ndaiyatsa.

Nkhani ija ndinaitayipanso Lachinayi pa buleki, ndi njala, kuchokera m'mutu. Ndime ya agogo pa chigayo, yomwe ndinkaikonda, sinabwerere momwe inalili. Mnzanga uja wandigulira zitumbuwa ziwiri. Ndadya, koma sindinamuyankhulebe.