Mfuti yotchipa ya ku Joni inatsala pang'ono kundigonetsa m'chitokosi

Mabwana ndi madona a pamsewu, ndikugawireniko zomwe zinandichitikira, mwina zipulumutsa wina.

Ndimayendetsa thiraki ya Joni–Blantyre, koma kumudzi ndili ndi munda wa chimanga m'mphepete mwa phiri. Anyani ndi nguluwe zinkandimaliza chaka ndi chaka. Ndinayamba kufuna mfuti ya chifefe ya mipope iwiri yosanjikizana, wina pamwamba wina pansi, ija ogulitsa amati over-under.

Tsiku lina tikudikira katundu ku Johannesburg, mkulu wina anandionetsa mfuti yotereyi pafoni. Mtengo wake unali wotsika modabwitsa. Anati ndingoibisa pansi pa bedi la mu kabini. Ndinavomera. Usiku tulo sitinabwere. Ndinayamba kuwerenga malo osechedwa: Beitbridge, Nyamapanda, Cuchamano, Zobue, Mwanza, osawerengera marodibuloko. Mayiko anayi, aliyense ndi lamulo lake. Ku South Africa lamulo la Firearms Control Act la 2000 limafuna munthu akhale nzika kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika kuti apeze laisensi, ndipo ine ndili ndi pasipoti basi. Akanandigwira, thiraki ya abwana ndi katundu wa eniake zikanatsala pa boda, ine m'ndende ya dziko la eni. Kutacha ndinapempha chithunzi cha nambala ya mfutiyo. Mkuluyo sanayankhenso.

Ndinadzagula kwathu konkuno, kwa bambo wina wopuma pantchito amene anali ndi mapepala ake. Tinapitira limodzi kupolisi, ndipo ndinaitenga chilolezo changa chitatuluka. Zinatenga nthawi, koma ndimagona tulo.

Pa zosankha, ndinaphunzira izi. Zatsopano zotsikirako mtengo zambiri ndi za ku Turkey, monga ATA, Huglu ndi Yildiz. Beretta ya ku Italy ndi Miroku ya ku Japan ndi zabwino zedi, koma ngakhale yakale imaboola thumba. Ine ndinapeza Baikal ya ku Russia, yolemera, yosaoneka bwino, koma yolimba ngati khasu. Sankhani 12 gauge chifukwa makatiriji ake savuta kupeza. Werengani zolembedwa pa mpope: ngati ndi ya 70 mm, musaikemo katiriji ya 76 mm.

Mukamaona yakale, yambani mwaitsegula, mutsimikize kuti mulibe kanthu. Chotsani thabwa la pansi pa mipope, muitseke, kenako muigwedeze. Ikamagwedera polumikizira, yatha. Kachitsulo kotsegulira kapamwamba kakakhala chakumanja pang'ono, ikadali ndi moyo. Kakapitirira kumanzere, yaperepeseka. Suzumirani m'mipope moyang'ana kuwala, muone dzimbiri, timaenje ndi popindika. Kolekani mipope yokha pachala, muigogode pang'ono: yabwino imalira ngati belu, yomatuka imalira ngati chitini chong'aluka. Pomaliza, nambala ya pamfuti ifanane ndi ya papepala. Ikakhala yopalidwa, tsanzikani, nyamukani.

Panopa mfutiyo imakhala yokhomeredwa m'bokosi lachitsulo, makatiriji kwina, kiyi ndimayenda nayo. Ana saikhudza, ndipo sinakwerepo thiraki ngakhale tsiku limodzi. Nthawi zambiri kulira kwake kokha kumakwanira, anyani amabwerera kuphiri.

Tonse muno timadziwa kunenerera mtengo, ndiye ntchito yathu. Koma pa mfuti, yotchipa ndi yomwe ili ndi mapepala.

Muyende bwino, mufike bwino.