Tsiku Limene Injini Inawira pa Njira ya ku Kachulu

Ife a pa chilumba cha Chisi timadya za m'nyanja ya Chilwa. Tikagula matemba ndi milamba kwa asodzi, timaoloka pa bwato kufika ku Kachulu, kumene timasungitsa kagalimoto kathu kakale ka pikapu, ndipo kuchokera kumeneko nsombazo timapita nazo ku msika wa Zomba. Ndalama za sukulu za ana athu zimachokera m'kagalimoto kameneka.

Tsiku lina mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo, muvi woonetsa kutentha kwa injini unakwera kufika pofiira, ndipo nthunzi inayamba kufuka pansi pa boneti. Titaima, mwana wathu wachisamba analumpha ndi chigubu cha madzi nathamangira chivundikiro cha rediyeta. Tinamgwira dzanja. "Leka, mwanawe! Ufuna kupsa nkhope?" Iye anati, "Koma Bambo, milamba ivunda." Ananena zoona, komatu nkhope ya mwana iposa dengu la nsomba. Madzi amawira pa madigiri 100, koma chivundikirocho chimawapanikiza kotero kuti angathe kufika pafupi 120 osawira. Munthu akachitsegula msanga, madziwo amatumphuka ngati kasupe. Ndiponso madzi ozizira othiridwa pa chitsulo chotentha angathe kuchisweka.

Tsono tinakhala pa mthunzi kwa ola lathunthu, pakuti akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Injini itazizira tinayamba kufufuza, kuyambira pa zinthu zapafupi. Madzi anali atachepa ndithu, koma mapaipi sanali kudontha, ngakhalenso pampu ya madzi. Lamba woyendetsa fani ndi pampuyo tinamdinikiza ndi chala, ndipo anali wokungika bwino. Kenaka tinasolola kandodo ka oilo mtima uli m'mwamba, chifukwa oilo akaoneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti gasiketi yapsa, ndipo ndalama zake n'zambiri. Oiloyo anali wakuda monga mwa nthawi zonse.

Titathira madzi tinaliza injini. Utsi woyera kunalibe, ndipo paipi yapamwamba inatentha m'nthawi yake, kusonyeza kuti thermostat inali kutseguka. Tinazimitsa injini ndi kupapasa rediyeta ndi chikhatho. M'mbali munali motentha, koma pakati panali pozizira. Pamenepo tinadziwa kuti timachubu take tatseka, ndipo tinadziwanso wolakwa. Anali ife tomwe.

Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi ake. Mitsinje monga Likangala ndi Domasi imathiramo, koma madziwo amachoka ndi dzuwa lokha, kusiya mchere ndi matope; mu 1968 ndi mu 1995 nyanjayi inafika pophweratu. Kwa zaka ziwiri tinali kutunga madzi omwewa pa dooko ndi kuthira m'rediyeta, poti anali pafupi ndiponso aulere. Mchere, matope ndi dzimbiri zinaunjikana pang'onopang'ono mpaka kutseka njira.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka, kuyenda pang'ono ndi kupumira, ndipo tinafika ku Zomba msika utatha. Milamba yaiwisi tinaigulitsa motaya m'mawa mwake. Makaniko anamasula rediyeta nachotsamo matope odzaza kapu. Kuyambira pamenepo timathiramo madzi a mvula osefa bwino, osakaniza ndi mankhwala oletsa dzimbiri.

Inu makolo amene muli ndi galimoto zokalamba, aphunzitseni ana anu ndondomeko imeneyi tsiku la vuto lisanafike. Ndipo inu anyamata, muvi ukafika pofiira imani, zimitsani injini, dikirani, kenaka funsani chimene chatenthetsa. Kungothira madzi ndi kupitirira kuli ngati kupukuta thukuta la wodwala malungo osampatsa mankhwala. Ife tinataya madengu awiri a nsomba, koma injini ikali kugwira ntchito, ndipo mwana wathu alibe chipsera.