Belu la ku Plum Village

Pali funso limene makolo ena alikufunsa masiku ano, pamene ana ao apita maiko akutali kukaphunzira kapena kukagwira nchito: kodi Mkatolika akhoza kukhala pansi pamodzi ndi Abuda, nachita nao kusinkhasinkha kwao, osataya chikhulupiriro chache? Ine ndinakhala nao sabata yathunthu pa mudzi wao wa Plum Village, m'dziko la France, ndipo ndifuna kukuuzani zimene ndinaona.

Mudziwo anaukhazika m'chaka cha 1982 mmonke wa ku Vietnam, dzina lache Thich Nhat Hanh. Iyeyu anatuluka kwao m'chaka cha 1966 kukadandaulira maiko kuti nkhondo ya m'dziko mwao ithe, ndipo chifukwa cha ichi anamtsekera njira yobwerera zaka 39. Chaka chomwecho cha 1966 anakacheza ndi Bambo Thomas Merton, mmonke wathu wa ku Gethsemani, ku Kentucky, ndipo awiriwo anamvana ngati pachibale. Mwini mudziyo anamwalira m'chaka cha 2022 ku Hue, ali ndi zaka 95. Koma amonke ndi asisitere ache alikupitiriza nchito.

Pakhomo pao safunsa mlendo za mpingo wache. Ndinakhala pakati pa Akatolika anzanga, Aprotestanti, Ayuda, ndi ena osapembedza konse. M'mamawa onse akhala chete m'nyumba yaikuru, msana woongoka, mtima ulikutsata mpweya wolowa ndi wotuluka. Wokalamba amene sangathe kupinda miyendo akhala pampando, wopanda manyazi. Maganizo akathawa, pakuti amathawadi ngati mbuzi yodula chingwe, munthu awabweza mofatsa, osadzikalipira. Pambuyo pache ayenda pamodzi pang'onopang'ono m'minda, osalankhula.

Koma chimene chinandigwira mtima koposa ndi belu. Likalira, munthu ali yense aima pomwe ali: wotsuka asiya mbale m'madzi, wolankhula aleka mau ache pakati, ngakhale tiana tiima, onse apuma katatu, ndipo nchito iyambanso. Pomwepo ndinakumbukira belu la pa misyoni, la Mngelo wa Ambuye, lolira m'mamawa, masana ndi madzulo, limene agogo athu anali kuimikira khasu m'munda, amuna nabvula zipewa. M'maparishi ena likali kulira, koma oima ali angati? Kumeneko anthu osabatizidwa aimira belu losachula dzina la Mulungu, pamene lathu, lokumbutsa kuti Mwana wa Mulungu anasanduka munthu, tilipitirira tili pa malonda.

Tsiku lina tinakhala bwalo, anthu ngati khumi ndi asanu. Mwambo wache ndi uwu: wofuna kulankhula aphatikiza manja, nawerama, nanena za mumtima mwache, palibe womdula mau, palibe womlangiza, ndipo zonenedwa pamenepo sizituluka kunja. Amai ena anasimba za mwana wao amene anamwalira. Atatha anawerama, ife tinawerama, tinakhala nao chete kanthawi, osaonjeza kanthu. Ndinaganiza za misonkhano ya m'miphakati yathu, m'mene wosauka mtima asanamalize kunena bvuto lache, atatu ayamba kale kumlalikira.

Tsono Eklezia anena chiani? Pa Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chaka cha 1965, m'kalata yochedwa Nostra Aetate, Aepiskopi anachula chipembedzo cha Buddha ndi ulemu, nanena kuti Eklezia sakana zoona ndi zoyera zimene zipezeka m'zipembedzo zina. Koma m'chaka cha 1989 kalata ina inachokera ku Roma, yosainidwa ndi Kardinala Joseph Ratzinger, amene pambuyo pache anakhala Papa Benedikto XVI, yochenjeza Akristu kuti mtendere umene thupi limva pokhala chete asauyese chaulere cha Mulungu. Chenjezo limeneli ndi loona, ndipo ndinaliona ndi maso. Anzathuwo pokhala chete abwerera kwa iwo eni, pakuti chiphunzitso chao sichinena za Mlengi amene munthu angamuitane Atate. Ife tikhala chete chifukwa alipo wina wotiyembekeza. Kupuma bwino kuziziritsa mkwiyo, ichi ndibvomera. Koma sikukhululukira machimo, ndipo sikulowa m'malo mwa Ukaristia.

Chifukwa chache pamene iwo anali kungotsata mpweya, ine ndinali kuchula dzina la Yesu mumtima. Pamene anaimba nyimbo zao zopembedza ndi kugwadira fanizo la Buddha, ndinakhala phee pamalo panga, ndipo palibe anandiyang'ana ndi diso loipa. Mphunzitsi wao yemwe anali kuuza alendo kuti asazule mizu yao, koma abwerere ku chipembedzo cha makolo ao nakachidziwe bwino. Mwana wanu akakuuzani kuti alikupita ku malo otere, musafulumire kulira maliro. Mumfunse ngati akupitabe ku Misa ndi ku Sakramenti la Kulapa. Amene ndimuopera ine ndi uja wopita kumeneko asanadziwe Katekisimu wache.

Pa tsiku la Mulungu ndinafunsa njira ya ku chalichi. Mmonke wina wachinyamata anandilembera nthawi ya Misa pa kapepala, nandipezera mlendo mnzathu wa galimoto, ndipo tinapita anthu anai.