Usanalipire galanti yoonjezera ya njinga yako

Misuku, Chitipa

Wokondedwa mwana wanga,

Kalatayi ndawapatsa amayi ako kuti aiike m'chikwama chako pamodzi ndi ufa ndi nyemba. Uiwerenge modekha ukafika ku Mzuzu, usanapite kusitolo kukapereka ndalama. Kumene ndalamazo zachokera ukukudziwa: khofi amene tinapereka ku kopaletivi, ng'ombe ija tinagulitsa, ndi ngongole imene mlongo wako watenga ku banki mkhonde m'dzina lake. Njinga yamoto imene ukukagulayo ndi yako, koma thukuta lake ndi la nyumba yonse. N'chifukwa chake ndalowererapo.

Wandiuza kuti njingayo ikubwera ndi galanti ya kampani, ndipo wogulitsa wati ukaonjezera ndalama akupatsa ina yopitirira pamene yoyambayo yathera. Iwe wati zakusangalatsa poti mtima ukhala m'malo. Ine ndikuti galanti yoonjezerayo usaigule, pokhapokha zitakwanira zinthu zimene nditchule kutsogoloku. Sindikuti wogulitsayo ndi wakuba, ayi. Iye ali pa malonda, ndipo anawerengera kale kuti pa anthu onse olipira ndalama yoonjezerayo, ochepa okha ndi amene adzabwere ndi vuto limene pepalalo limavomereza. Akanaona kuti aluza, sakanakukakamiza kuigula.

Galanti ndi lonjezo la chinthu chimodzi basi: kuti ngati njinga inapangidwa molakwika kufakitale, adzakukonzera ulere. Tsono cholakwika cha kufakitale sichichedwa kuonekera. Injini yomangidwa mosalongosoka imayamba kulira zachilendo, kudontha oyilo kapena kutentha kwambiri m'miyezi yoyambirira, galanti ya kampani ikadalipo, imene sunalipirepo kanthu kapadera. Njinga ikadutsa nyengo imeneyo ili bwino, zimene zimayamba kufa pambuyo pake ndi zotha ndi ntchito: tcheni ndi masipuloketi, mabuleki, mapuleti a kilatchi, matayala, mababu, mawaya, batire. Tembenuza pepalalo uwerenge timalemba ting'onoting'ono ta kumbuyo. Kawirikawiri zimenezi n'zimene amazitchula kuti sizikukhudzidwa. Ndiye kuti ulipirira chaka chimene mavuto ako enieni ndi omwewo amene pepala lawakana kale.

China, galanti zambiri zimathera pa miyezi kapena pa makilomita, chimene chayamba kukwana. Mphunzitsi amene amakwera njinga kupita kusukulu n'kubwerera angathe kufika kumapeto a miyeziyo. Iwe ukukachita kabaza. Uziyenda kuyambira m'bandakucha mpaka kumadzulo, Chibavi, Luwinga, Katoto, Mchengautuwa, tsiku ndi tsiku. Makilomita ako adzakwana miyezi ikadali yambiri. Komanso funsa mosapita m'mbali ngati pepalalo limalola njinga yonyamula anthu pa malonda. Ena amalemba kuti njinga ikakhala ya bizinesi, kapena ikanyamula katundu wopitirira muyeso, lonjezo lafa. Wa kabaza uti amene sananyamulepo mayi, mwana kumsana ndi thumba la chimanga pa ulendo umodzi? Makaniko wa kusitolo akangoona mashoko ndi masipoko adziwa, ndipo adzakuuza kuti waiwononga wekha.

Palinso nkhani ya sevisi. Kuti galanti ikhale yamoyo, amafuna uzipita nayo njinga kwa makaniko awo pa makilomita oikika, n'kukudindira m'kabuku. Ukaphonya kamodzi, kapena ukalola makaniko wa pansi pa mtengo kumasula injini, apeza pokanira. Uli ku Mzuzu zimenezo n'zotheka. Koma iwe mwini wanena kuti nyengo yothyola khofi uzibwera kuno kudzagwira ntchito, poti nthawi imeneyo anthu amakhala ndi ndalama. Taganiza njinga itakufera pa chitunda pakati pa Kapoka ndi kuno kwathu. Uikweze pa galimoto mpaka pa Boma kapena pa mphambano, kuchoka apo msewu wa ku Karonga, umene wonse ndi makilomita pafupifupi 100, kenaka M1 kudutsa Chiweta mpaka Mzuzu, makilomita ena opitirira 200. Mtengo wa ulendowo, chakudya ndi masiku amene sunagwire ntchito zingapose mtengo wa chitsulo chimene akakupatse ulerecho. Mapeto ake udzakonzetsa kwa makaniko wa pa Boma ndi ndalama ya m'thumba mwako, pepala lili m'chikwama.

Ndinaona ndi maso anga zimene zinamuchitikira mwana wa mnzanga wina wa kuno. Njinga yake inayamba kufuka utsi woyera n'kumadya oyilo. Anaipereka kumene anagula ali ndi mapepala onse. Makaniko anatsegula thanki, ananunkhiza, anathira timafuta pang'ono m'chikhatho n'kutikita ndi chala, nati muli palafini. Mnyamatayo sanathire palafini dala. Anagula petulo wa m'chigubu m'mbali mwa msewu masiku amene pamalo omwetsera mafuta panali mizere yokhayokha, monga aliyense amachitira kuti ana adye. Koma pepala linali litanena kale kuti mafuta osayenera si mlandu wa kampani. Anabwerera wopanda thandizo, ndipo pisitoni ndi maring'i anagula yekha. Kusowa kwa mafuta kwatisautsa kobwerezabwereza kuyambira 2022, ndipo iwenso tsiku lina udzakakamizika kugula wa m'chigubu. Ukamagula, sankha munthu mmodzi womudziwa, ununkhize, usefe ndi kansalu koyera.

Anzako ena akuuza kuti uwoloke ukagule ku Tunduma podzera ku Nakonde, kapena ku Kyela podzera pa Songwe, poti kumeneko Boxer, TVS ndi Kinglion zadzaza ndipo masipeyala ndi ambiri. N'zoona kuti njinga zambiri zimene zikuyenda muno m'Chitipa zinachokera ku Tanzania. Koma dziwa kuti lonjezo la sitolo ya kutsidya limagwira kutsidya komweko. Ndipo njinga yolowa njira zozemba, yopanda mapepala a MRA, siilembetseka bwinobwino, ndiye kuti moyo wako wonse ukhala wothawa apolisi a pamsewu. Imeneyo usaikhudze ngakhale itatchipa bwanji.

Tsopano ndinene mbali inayo, chifukwa ilipo ndipo si yopepuka. Kwacha yathu siikhazikika. Inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chitsulo chilichonse cha njinga chimachokera kunja. Ukalipira lero kukonzetsa kwa mtsogolo, kukwera kwa mitengo kumagwera wogulitsa osati iwe. Injini kapena giyabokosi ikafa, ndi ndalama yoti ingakugwetse pansi osadzukanso. Choncho ngati pepalalo likutchula injini ndi giyabokosi ndi mayina awo, likuvomereza kabaza molemba, likulipira chitsulo ndi ntchito ya makaniko yomwe, ndipo sitoloyo ili ndi galaja yake mu Mzuzu momwemo yokhala ndi masipeyala pa shelefu, pamenepo tingakambirane. Undiimbire undiwerengere mzere ndi mzere. Ufunsenso kuti wolonjezayo ndani, kampani yopanga njinga kapena mwini sitolo. Sitolo ikatsekedwa kapena kusintha mwini, lonjezo lake limapita nayo. Ndipo ufunse kuti chitsulo chikasowa amatenga masiku angati kuti chibwere, chifukwa m'nyengo ino ya kusowa kwa ndalama zakunja njinga ingathe kugona m'galaja sabata zambiri, pamene tsiku lobweza ngongole ya mlongo wako silidikira.

Usakhutire ndi mawu a pakamwa. Wogulitsa akati "musadandaule, bwana, chilichonse tidzakonza," umuuze mwaulemu kuti alembe zomwezo, asaine ndi kudinda. Lisiti likhale ndi tsiku, mtengo, nambala ya injini ndi ya chasisi, ndipo uwerame uyerekeze manambalawo ndi amene adindidwa pa chitsulo cha njingayo, chilembo ndi chilembo. Udziwenso kuti ngakhale popanda galanti yoonjezera, malamulo a dziko lino amateteza wogula. Pali lamulo loteteza ogula la 2003, palinso bungwe la Competition and Fair Trading Commission limene limalandira madandaulo a anthu ogulitsidwa katundu woonongeka. Chikwangwani chija amapachika m'masitolo ena chakuti katundu akagulidwa sabwezedwa sichimuchotsera wogulitsa udindo pa katundu amene anali woonongeka kale.

Nanga ndalama ya galanti yoonjezerayo ipite kuti? Choyamba ipite ku zimene galanti iliyonse siiteteza, zomwe ndi zimene zimatisowetsa tulo ine ndi amayi ako. Galanti siilipira ukagundidwa, siilipira ukagunda mwana wa eni, siilipira njinga ikabedwa. Pita ku Road Traffic ukalembetse njingayo m'dzina lako ndi kutenga laisensi yeniyeni. Dula inshuwalansi. Imene lamulo limafuna ndi yoteteza anthu ena amene ungawavulaze kapena kuwaonongera katundu, ndipo siikubwezera njinga yako. Ufunse mtengo wa ina ija yoteteza njinga yomwe ku ngozi ndi kuba, uwafotokozere poyera kuti ndi ya kabaza kuti asadzakane pa tsiku la vuto. Gula mahelemeti awiri olimba, lako ndi la wokwera, ndipo uzimanga lamba wa pachibwano. Zipatala zathu zadzaza anyamata a msinkhu wako othyoka miyendo ndi ovulala m'mutu. Chitsulo chimagulidwa, koma iwe ndilibe kokakugula.

Chotsalacho uyambire thumba lako la zokonzetsera. Tsegula akaunti yapadera ya Airtel Money kapena Mpamba, kapena ulowe gulu losunga ndalama la anzako a pasiteji, ndipo tsiku lililonse usanagule ndiwo uponyemo kangachepe. Ndalama imeneyo si ya mowa, si ya kubetcha mpira, si ya kutumiza kuno ngakhale titadandaula. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndalama ya m'thumba limenelo idzakonza tcheni, tayala ngakhale injini, ku Mzuzu kapena kuno, popanda wokufunsa chidindo. Njinga ikapanda kuvuta, ndalamayo ikadali yako.

Ndipo galanti ya kampani imene ikubwera ulereyo uisamale ngati mmene ungasamalire yolipira. Masabata oyamba usathamangitse njinga, usaisenzetse zolemera, injini izolowere. Sevisi yoyamba usaiphonye ngakhale ndi tsiku limodzi, ndipo ukaimirire pomwepo pamene akukhetsa oyilo. Yang'ana m'mbale imene akukhetseramo: udzaona timafumbi tonyezimira ta chitsulo, timene injini yatsopano imataya ikamakhazikika. Tikakhala nthawi yaitali mkatimo timadya injiniyo. Uone ndi maso kuti oyilo amene akuthira akuchokera m'botolo lomata, osati wopungulidwa m'chigubu. Akudindire m'kabuku usanachoke. Chilichonse chachilendo chimene wamva, kaya ndi kaphokoso, kudontha, kapena giya yodumpha, ukanene nthawi yomweyo ndipo achilembe, kuti vuto likadzakula umboni ukhalepo wakuti linayamba galanti ikadalipo.

M'mawa uliwonse injini isanalire, imika njinga mowongoka, solola kamtengo koyezera oyilo, pukuta, bwezera, sololanso uone. Gwira tcheni ndi chala uone kulimba kwake. M'chilimwe, makamaka Okutobala fumbi likachuluka, uzitsegula fyuluta ya mpweya kawirikawiri. Ukadzabwera kuno udzaona momwe fumbi lofiira la msewu wa ku Nthalire kapena wa ku Kameme limamatirira pamenepo mpaka injini kubanika. Upezenso makaniko mmodzi wokhulupirika, wachikulire amene anzako a pasiteji amamutama, woti adzakhale wako galanti ya kampani ikadzatha.

Usiku usanyamule munthu wosamudziwa wopita malo a zii, ngakhale atatchula ndalama yokoma. Achifwamba amadziwa kuti njinga yatsopano imayenda malonda. Dzuwa likalowa, lowetsa njinga m'nyumba imene ukugona, uimange ndi loko.

Ukafika upite ukawaone amalume ako usanachite chilichonse, ndipo tsiku logula njingayo apite nawe, poti maso awiri amaona zimene limodzi laphonya. Mapepala onse uwajambule pa foni utumize kwa mlongo wako, enieniwo uwasunge m'pulasitiki kuopa mvula ya ku Mzuzu. Tsiku loyamba kubweza ku banki mkhonde ndi kumapeto kwa mwezi wa mawa. Amayi ako akuti Lamulungu uzipita kutchalitchi, njinga ipumeko. Tikukupempherera.

Ndine,
Bambo ako