Kwa mwana wanga amene akupita ku Manchester

Mwana wanga,

Amayi ako akulangiza kale za kuzizira ndi za kupemphera. Ine ndilankhule za ndalama, chifukwa malipiro a unamwino akangoyamba kulowa, okulangiza adzachuluka.

Kumeneko anthu amasonkha ndalama m'thumba limodzi, akatswiri n'kumagulira masheya a makampani osiyanasiyana, monga amachitira a mayuniti trasti kuno kwathu. Udzamva za malire, koma malirewo si amtundu umodzi. Boma la Britain limalola munthu kuika mpaka £20,000 pa chaka mu akaunti ya ISA osalipira msonkho pa phindu lake, ndipo chakacho chimayamba pa 6 Epulo. Chiwerengerocho chisakuthamangitse magazi. Palibe amene adzakufunse ukapanda kuchifika, ndipo usayerekeze kukongola kuti uchikwanitse.

Malire ena amaika ndi oyendetsa thumbalo. Ndalama zikabwera zambiri kuposa masheya abwino oti agule, amachepetsa zimene munthu angaike, kapena kutsekera atsopano, pofuna kuteteza phindu la amene analowa kale. Apa ndi pamene ambiri amapusira. Akamva kuti akutseka, amakhamukirako ngati kwafika shuga wosowa pagolosale. Komatu nthawi zambiri thumba lotere limakhala litatchuka ndi kukwera kale, wolowa mochedwa n'kugula modula. Iwe uzifunsa chimene atsekera. Akalephera kukuyankha m'mawu oti umve, ndalama yako ikhale m'manja mwako.

Uzifunsanso za potulukira, ndipo funso ili ndi limene limandidetsa nkhawa kwambiri. Mu Juni 2019 thumba la Neil Woodford, munthu amene ankatamandidwa kwambiri pa ntchitoyi, linaimitsa kutapa ndalama. Anthu anadikira miyezi, ndipo sanapeze zonse zimene anaika.

Yamba wasunga kubanki ndalama ya lendi ndi chakudya ya miyezi itatu. Ukatero uziika pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi m'thumba logula makampani ambiri, limene silidula zambiri pa chaka. Kandalama kamene amadulako kamaoneka kochepa papepala, koma pa zaka khumi kamadya. Kampani iliyonse uiyang'ane kaye m'kaundula wa FCA, bungwe loyang'anira makampani a zachuma kumeneko, ngakhale akuuze za iyo mnzako wa kutchalitchi.

Za ife kuno usadzipanikize, uzitumiza zimene wakwanitsa. Usanasaine chikalata chilichonse, unditumizire chithunzi chake pa WhatsApp tiwerengere limodzi.

Ndine,
Bambo ako