Msonkho sufunsa ngati uli pasukulu

Mwina nanunso muli ndi mwana kapena m'bale amene masana amakhala pantchito, madzulo ali m'kalasi. Ine ndili naye. Mu 2024 mng'ono wanga, chitsirizira cha amayi, anapeza ntchito yolandira ndalama pashopu ina mu Limbe, uku akuphunzira za maakaunti pakoleji. Anagwirizana K230,000 pamwezi. Ndalamayo tinaigawagawa isanabwere n'komwe: fizi, minibasi, kangachepe ka amayi kumudzi.

Mwezi utatha anandipeza pabenchi langa ndikusanja tomato, kapepala kali m'manja, maso ali psuu.

“Achemwali, andibera.”

Zomwe zinalowa zinali K198,500. Anzake kukoleji anamuuza kuti mwana wasukulu sadulidwa msonkho, iye n'kukhulupirira. Ine sukulu ndinalekezera Fomu 4, koma masamu a ndalama ndiye sandiphonya. Ndinapukuta m'manja, tinakhala pakreti n'kuyamba kuwerenga mzere ndi mzere.

Mzere woyamba unali PAYE, msonkho umene bwana amadula pamalipiro n'kutumiza ku MRA. Umenewu suyang'ana kuti ndiwe wophunzira, wamasiye kapena wapabanja, umangoona kuchuluka kwa zomwe walandira mwezi umenewo. Chaka chimenecho K150,000 yoyamba sinkadulidwa. Yopitirira pamenepo, kwa wamalipiro ngati akewa, ankachotsa K25 pa K100 iliyonse. Iye anapitirira ndi K80,000, ndiye msonkho K20,000. Anzake aja sikuti ankanama dala ayi. Malipiro awo sankafika pamalirewo, iwo n'kumayesa kuti chawapulumutsa ndi chiphaso cha sukulu. Malirewa amasuntha ndi bajeti, paja mu 2020 anachoka pa K45,000 kufika pa K100,000, choncho musamadalire nambala imene munamva kalekale.

Mzere wachiwiri ndi umene unatitengera nthawi. K11,500 ya penshoni. Lamulo limati wantchito aziponya K5 pa K100 iliyonse, bwana awonjezere K10. Ndiye kuti pamwamba pa yakeyo, abwana ake ankayenera kuikapo K23,000, zonse pamodzi K34,500 mwezi uliwonse, m'dzina lake. Ndinamuuza kuti iyi si ya boma, ndi yako, yangosungidwa.

“Ndiye ndidikire mpaka imvi, fizi akuifuna Lachisanu?”

Apa ndinasowa choyankha. Kunena zoona, mumtima ndinkamuchitira kansanje. Ine zaka zonsezi pamsika, tiketi ya khonsolo ndimadula tsiku ndi tsiku, kaya ndagulitsa kaya tomato waola, ndipo palibe amene amandiponyerako K10 kulikonse. Penshoni yanga ndi banki m'khonde basi. Koma nayenso sankalakwa. Mtsikana wodzilipirira yekha sukulu, wofika kunyumba 9 koloko usiku miyendo itatupa, papepala lija panalibe pamene panaoneka kuti theka la malipiro ake likuthera kukoleji. Zimenezo mpaka lero zimandiwawa.

Chimene ndinamukakamiza ndi ichi, ndipo inunso kamuuzeni wanuyo. Kudulidwa penshoni papepala ndi kufika kwa ndalamayo kukampani ya penshoni ndi zinthu ziwiri. Alipo mabwana amene amadula koma osatumiza, a Reserve Bank akhala akudandaula za khalidwe limeneli. Ndinati akafunse dzina la kampaniyo, nambala yake ya umembala, komanso sitetimenti. Anachita mantha, akuti akaoneka wamwano ntchito angoiyamba kumene. Ndinamuvutitsa miyezi itatu, mpaka anafunsa. Sitetimenti itabwera, miyezi iwiri inalimo, umodzi munalibe. Wowerengera ndalama pashopupo anati inangochedwa, ndipo patapita masabata angapo inaonekadi. Akanapanda kufunsa, kaya.

Nanga fizi ya Lachisanu lija? K31,500 imene inapereweayo ndinatapa pampamba wanga. Sabata imeneyo ndinaoda tomato wochepa, makasitomala ena n'kumabwerera pabenchi la mnzanga. Iye anati azibweza K5,000 pamwezi, ndipo ndinamulemba m'kope langa la angongole, pansi pa mayi wina wa anyezi. Ataona dzina lake mmenemo anaseka.

“Achemwali, nanunso mwasanduka MRA?”

Ndinamuuza kuti a MRA sadikira munthu mpaka pa 5.