Mendulo ya m'chitini cha agogo ku Ntchisi

Ukapatuka pa Mponela kusiya msewu wa M1, mapiri a Dowa amatsalira kudzanja lamanja, kutsogolo n'kumaoneka phiri la Ntchisi ndi nkhalango yake. Ndinadzera njira imeneyi agogo anga aakazi atandiimbira foni kuti kwabwera munthu wofuna kugula "chitsulo cha abambo".

Titapatsana moni, anatulutsa chitini chakale cha tiyi. M'kati munali mendulo yooneka ngati nyenyezi ya nsonga 6, kansalu kake kofiira pakati katayamba kuthetheka. Imeneyi ndi Burma Star. Bambo awo anali msilikali wa King's African Rifles, gulu lomwe linakhazikitsidwa mu 1902 ndipo kumudzi amangoti Keyala. Mu 1944 asilikali a Nyasaland anakamenya nawo nkhondo m'nkhalango za Burma.

"Abambo sankakamba zoombera anthu," anatero agogo. "Ankakamba za mnzawo wovulala amene anamubereka kumsana n'kumuolotsa mtsinje wodzaza. Koma ya zimenezo sanalandire."

Zoonadi, Burma Star ankapatsa aliyense amene anatumikira kumeneko. Mamendulo a anthu opulumutsa moyo ndi ena. Bungwe la Royal Humane Society, lomwe linayamba ku London mu 1774, limalemekeza opulumutsa anzawo, monga omira m'madzi. Panalinso Albert Medal, yomwe inayamba mu 1866 n'kusiya kuperekedwa mu 1971. Anthu otolera mamendulo akale amalimbirana oterewa pamisika yogulitsa mopikisana, ndipo mtengo umakwera mbiri ya mwini wake ikadziwika.

Apa ndi pamene mutu unandiima. Mamendulo a nkhondo yoyamba ankalembedwa dzina ndi nambala ya msilikali, koma ambiri a nkhondo yachiwiri alibe dzina. Yathuyi ndaitembenuza, palibe. Ikangochoka m'chitinimu, palibe angadziwe kuti inali ya yani.

Vuto ndi lakuti agogo akufuna feteleza, ndipo mvula ili pafupi. Munthu sungadye mendulo, tisanamizane.

Madzulo tinamva ng'oma za mganda kutsidya kwa dambo, gule amene anatengera perete wa asilikali. Ndinawapempha agogo kuti afotokozenso nkhani ija kuyambira pachiyambi, ine n'kumajambula pafoni. Za feteleza tagawana ndi asuweni anga pa WhatsApp. Wogula uja akuti abweranso Loweruka, ndipo agogo ati akamuuza okha.